Zisudzo za pabwalo ndi magulu oyendayenda m'Malawi: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene aphunzitsi, achinyamata a m'makalabu, alangizi a zaumoyo ndi mafumu amafunsa mobwerezabwereza nkhani ya zisudzo za kumudzi ikayambika. Oyambirira ndi a munthu amene akungomva kumene za nkhaniyi, ndipo akumapeto ndi a gulu limene likukonzekera kale ulendo.

Kodi zisudzo za m'mudzi n'chiyani, ndipo zimasiyana bwanji ndi zimene timaonera m'maholo?

Ndi zisudzo zimene nkhani yake, chilankhulo chake, nyimbo zake ndi malo ochitira zimachokera kwa eni mudzi, ndipo eni mudziwo amakhala nawo pozipanga, osati kungodikira kuomba m'manja pomaliza. Kawirikawiri zimachitikira pabwalo la mfumu, pansi pa mtengo wa kachere kapena wa mango, pabwalo la mpira la pasukulu, ngakhalenso pamsika. Sipakhala nsanja, sipakhala nsalu yotchinga, ndipo palibe wolipira pakhomo. Anthu amakhala mozungulira, amayi ndi ana mbali ina, abambo mbali ina, mafumu pamipando, ndipo wochita sewero amatulukira pakati pa anthu omwewo n'kubwereranso momwemo akatha mbali yake.

Komabe kusiyana kwenikweni sikuli pa malo. M'holo, mlembi amakhala atadziwa kale mmene nkhani ithere, ndipo oonerera amalipira kuti aione ikufika pamene iye anafuna. Pabwalo, mathero amasiyidwa dala m'manja mwa anthu. Gulu likanyamula sewero lotha kale kuchokera m'tauni n'kukaliyala pabwalo la mfumu osasintha kanthu, limenelo likadali sewero la m'holo, kungoti lachitikira panja.

Ena amati zisudzo zinabwera ndi azungu. Kodi n'zoona?

Chimene chinabwera ndi sukulu za mishoni ndi za atsamunda ndi sewero lolembedwa papepala, loloweza pamtima ndi lochitira pansanja. Luso lodzisandutsa munthu wina pamaso pa gulu linalipo kale. Aliyense amene anakulira pafupi ndi agogo ake akukumbukira kuti wofotokoza nthano akati "Padangotero", sapitirira mpaka omvera atavomera kuti "Tili tonse", ndipo kuti agogowo ankasintha mawu ndi nkhope, apa akhale kalulu, apo akhale fisi, nyimbo ikafika onse n'kuyimba limodzi. Nthano yosowa ovomera imafera pakamwa. Kuchinamwali nakonso anamkungwi samangolankhula mwambo, amauonetsa ndi thupi, ndi nyimbo, ndi timasewero timene namwali saiwala moyo wake wonse.

Kuyendayenda nako sikunayambe ndi basi ya yunivesite. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, mganda wa ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu, komanso beni wa ku Mangochi ndi Machinga ndi magule amene anakula potsanzira perete wa asilikali, makamaka anthu atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Gulu la malipenga limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi maudindo ake otengera usilikali ndi ulamuliro wa atsamunda. Amuna ovala zoyera zositidwa bwino, akuliza malipenga a zikho, amavina mosewera ndi ulemerero wa mzungu, kwinaku akuusilira, kwinaku akuuseka. Kukolola kukatha, boma lina limaitana linzake. Alendo amayenda mtunda, amalandiridwa, amaphikiridwa, amapatsidwa pogona, amapikisana ndi eni mudzi, ndipo nthawi ina iwonso amadzakhala olandira. Amene akufuna kudziwa mmene ulendo wa mgwirizano uyenera kukhalira ayambire pamenepa, chifukwa m'dongosolo limeneli mulibe wophunzitsa ndi wophunzitsidwa. Muli mlendo ndi mwini mudzi, ndipo awiriwa amasinthana malo.

Nanga gule wamkulu ndi zisudzo? Kodi gulu lingamulowetse m'sewero lake?

Gule wamkulu ali ndi zambiri zimene wazisudzo angaphunzirepo. Chilombo chilichonse chili ndi khalidwe lake, mayendedwe ake, nyimbo yake ndi phunziro lake: Chadzunda ndi ukulu wake, Maliya, Simoni wa nkhope yofiira, Kasiyamaliro, Njovu imene siituluka wamba. Amayi amavomera nyimbo ndi kuomba m'manja, oimba ng'oma amawerenga mapazi a wovina, ndipo zilombo zatsopano zimabadwa pamene m'dziko mwabwera chinthu chatsopano chofunika kuchidzudzula kapena kuchiseka. Ku Mua, m'boma la Dedza, malo a Kungoni amene anakhazikitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher akusunga nkhope za gule mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake. Bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, magule a m'mayiko atatuwa amakumana chaka ndi chaka pamaso pa Kalonga Gawa Undi.

Ngakhale zili choncho, kwa eni ake gule si sewero. Chotuluka kudambwe ndi chilombo, mzimu wa makolo, osati munthu wovala, ndipo chimatuluka pa maliro, pa chinamwali, polonga mfumu kapena pamene mwini mzinda, kutanthauza mfumu imene ili ndi ufulu wokhala ndi gule m'mudzi mwake, walola. Choncho gulu la zisudzo lisapange nkhope yakeyake n'kuitcha gule, lisaulule za kudambwe, ndipo lisavule chilombo pamaso pa anthu pofuna kuseketsa. Ngati mudzi uli ndi mzinda ndipo mfumu yafuna kuti gule atsegule bwalo, iye ndi akuluakulu a mwambo ndiwo amakonza zonse, alendo amangosupa monga wina aliyense. Ulemu womwewo ukufunika pa vimbuza ya kumpoto, imene ndi gule wa machiritso, ndi pa tchopa wa Alhomwe.

Kodi magulu oyendayenda a masiku ano anayamba liti?

Maganizo otulutsa zisudzo m'mpanda wa yunivesite anafala m'mayiko angapo a mu Africa m'zaka za m'ma 1960, pamene ophunzira a ku Ibadan ku Nigeria ndi a ku Makerere ku Uganda ankayenda ndi masewero m'matauni ndi m'midzi. Ku Zambia, ophunzira ndi aphunzitsi a yunivesite, mmodzi mwa iwo Michael Etherton, anadzimangira bwalo lapanja kufupi ndi Lusaka n'kulitcha Chikwakwa, dzina la chida chomwetera udzu chimene tonse timachidziwa. Gulu la Chikwakwa linkapita m'zigawo za dzikolo kukapanga masewero pamodzi ndi anthu a kumeneko m'zilankhulo zawo. Ku Botswana, mu 1974, kunayamba ntchito ya Laedza Batanani imene inagwiritsa ntchito sewero poyambitsa zokambirana za mavuto a m'mudzi.

Kuno kwathu, gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College linayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo James Gibbs ndi mmodzi mwa aphunzitsi amene analilimbikitsa m'zaka zimenezo. Poyamba linkayenda makamaka m'sukulu za sekondale ndi masewero a Chingerezi, motero mayi wogulitsa mandasi kunja kwa mpanda wa sukulu sankapindulapo kanthu. Zinthu zinasintha kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, pamene Chris Kamlongera ndi David Kerr (Kerr anali atagwirapo ntchito ku Zambia) anayamba kutsogolera ophunzira kupanga masewero osalembedwa m'zilankhulo za kuno. Mu 1981 gululi linakakhala ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, n'kupanga masewero kuchokera pa zimene linamva kwa anthu ndi alangizi a kumeneko.

Ntchito imene imatchulidwa kwambiri ndi ya m'dera la Liwonde, chapakati pa zaka zomwezo za m'ma 1980, pamene gululi linagwira ntchito ndi a zaumoyo m'midzi monga Mwima ndi Mbela, mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ. Nkhani zake zinali za madzi akumwa, zitsime, zimbudzi ndi matenda otsekula m'mimba. Kumeneko ochita sewero anaphunzira kuleka kulalikira. Ankaima pakati pa nkhani n'kufunsa oonerera chochita, nyimbo zinkachokera kwa eni mudzi, ndipo zokambirana zinkathera pa kusankha makomiti a zaumoyo. Njira imeneyi ndi imene inadzagwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1990 pa kampeni ya GABLE yolimbikitsa maphunziro a atsikana, imene inabala bungwe la CRECCOM ku Zomba mu 1999.

Zinkatheka bwanji kuchita zimenezi mu ulamuliro wa chipani chimodzi?

Zinali zovuta. Lamulo la 1968 loona za zosangalatsa linapatsa Censorship Board mphamvu yowerenga sewero lisanaonetsedwe, kudula mizere kapena kuliletsa lonse. Mantha sanali ongoganizira: Jack Mapanje, amene ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College pomwepo, anamangidwa mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu ndipo anatuluka mu 1991. Azisudzo ankadziwanso zimene zinachitika ku Kamiriithu ku Kenya, kumene anthu wamba anadzimangira bwalo n'kupanga sewero m'Chigikuyu. Boma la kumeneko linaletsa seweroli mu 1977, linatsekera Ngugi wa Thiong'o, mmodzi mwa alembi ake, kwa chaka, ndipo mu 1982 linagwetsa bwalolo.

Sewero losalembedwa linali ndi mwayi umodzi, woti mawu obadwira pabwalo sakhala papepala limene wina angalidule. Koma tisakokomeze. Magulu a nthawi imeneyo ankalankhula za chitsime ndi chimbudzi momasuka, pamene za makadi a chipani, za minda ikuluikulu ya fodya ndi za amene ankadya thukuta la alimi ankazizungulira patali kapena kuzibisa m'miyambi ndi m'nthano za nyama. Chizolowezi choloza vuto kwa mlimi m'malo moloza kwa wamphamvu chinayambira pamenepo, ndipo ndikuona kuti sichinatheretu ngakhale ufulu wolankhula unabwera.

Kodi sewero la pabwalo limapangidwa bwanji kuyambira pachiyambi?

Limayamba ndi kukhala, osati ndi kuyeserera. Alendo akalonjeredwa kwa mfumu, amagawidwa m'makomo n'kukhala masiku angapo akudya zimene eni nyumba akudya. Amapita kumjigo m'mawa, kudimba, kuchigayo, pabawo, kudambo kochapira, ndipo amamvetsera kwambiri kuposa kufunsa. Kope ndi cholembera zimatsala m'chikwama, chifukwa munthu akaona kuti mawu ake akulembedwa amayamba kuyankha zimene akuganiza kuti mlendo akufuna kumva. Madzulo gulu limakumana ndi anthu a m'mudzi amene adzipereka kuchita nawo sewero, n'kuyala zonse zimene zamveka kuti lipeze pamene pali mfundo yeniyeni.

Mfundoyo kawirikawiri siikhala imene alendo anabwera nayo. Tiyerekeze kuti mjigo wa m'mudzi unawonongeka miyezi itatu yapitayo ndipo anthu abwerera kumtsinje. Wochokera kutali anganene kuti anthuwa sadziwa kuopsa kwa madzi a mumtsinje. Koma amayi amene akutsuka ndowa akudziwa bwino lomwe. Chimene sakunena mokweza n'chakuti ndalama zimene ankasonkha mwezi ndi mwezi zinabwerekedwa ndi msungichuma wa komiti, ndipo msungichumayo ndi mphwake wa mfumu. Sewero labwino limamangidwa pa chinthu chovuta kunenacho.

Kenaka gulu limagwirizana mafupa a nkhani okha: ndani akulowa, akufuna chiyani, akutsekerezedwa ndi yani. Mawu saloweza, aliyense amalankhula monga munthu wotero amalankhulira m'deralo. Maina a anthu ndi a mudzi amasinthidwa, ndipo zizindikiro zoloza munthu mmodzi, monga chilema, chovala chodziwika kapena kalankhulidwe kake, zimachotsedwa, chifukwa cholinga si kuchititsa munthu manyazi pamaso pa apongozi ake. Nyimbo zimatengedwa kwa eni mudzi, ndipo amayi a chimtali kapena a chioda ndiwo amadziwa imene ingadzutse bwalo. Tsiku la sewero ng'oma zimawambidwa pamoto wa mapesi dzuwa litangopendeka, ndipo kulira kwake ndiko kuitana anthu kuposa chinkuzamawu.

N'chifukwa chiyani sewero limaimitsidwa lisanathe?

Chifukwa yankho lochokera pakamwa pa mlendo limachoka naye limodzi. Nkhani ikafika pothina, mmodzi wa ochita sewero amatembenukira kwa anthu n'kufunsa kuti, "Kodi pamenepa nditani ine?" Nthawi zina amaitana amene wayankhayo kuti alowe m'bwalo ayese yekha zimene wanenazo, ndipo ochita sewero enawo samupatsa njira yofewa, amamutsutsa monga mmene munthu weniweni angamutsutsire. Njirayi imafanana ndi imene Augusto Boal wa ku Brazil anaphunzitsa, koma kwa ife si yachilendo, pakuti mlandu pabwalo la mfumu umayenda chimodzimodzi: nkhani imayalidwa, anthu amaponyamo maganizo, ndipo chigamulo chimabwera onse atamva.

Pa sewero lina limene ndinaonerera, la nkhani ya mtsikana wosiyitsidwa sukulu, wofunsa ankangolimbana ndi mtsikanayo kuti anene chifukwa chimene sanakanire ukwati. Mayi wina wachikulire amene anakhala pamphasa kumbuyo anadzuka, anamanga bwino chitenje chake, n'kunena kuti, "Mwanayo musiyeni. Itanani amalume akewo, ndiwo analandira mbuzi." Bwalo linati zii, kenaka amayi anayamba kuwomba m'manja. Wochita mbali ya malume anabwezedwa pakati, ndipo kwa ola lathunthu anthu anamupanikiza ndi mafunso amene palibe mlendo akanalimba mtima kufunsa. Wotsogolera zokambirana amafunika kukhala munthu wodziwa kudikira nthawi ngati imeneyi, woonetsetsa kuti amayi ndi achinyamata alankhula mafumu asanatseke nkhani, popeza mfumu ikalankhula ambiri safunanso kuwonjezerapo.

Tigwiritse ntchito chilankhulo chiti tikapita kudera lina?

Cha eni dera. Anthu ambiri ku Rumphi, ku Mangochi kapena ku Nsanje amamva Chichewa, koma kumva ndi kwina, kukangana ndi kuseka ndi kwina. Agogo amene angadzuke kutsutsa malume m'Chiyao kapena m'Chisena akhoza kukhala chete ngati bwalo lonse likuyenda m'Chichewa. Tikumbukirenso kuti mu 1968, pamene Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mpaka mu 1994, ndipo chilonda chimenecho ena akuchikumbukirabe. Gulu lopanda wolankhula chilankhulo cha deralo lipereke mbali zikuluzikulu ndi udindo wotsogolera zokambirana kwa eni dera, lokha litenge mbali za alendo.

Kodi magulu ngati Wakhumbata ndi Kwathu nawonso ndi a zisudzo za m'mudzi?

Ndi oyendayenda, koma a mtundu wina. Du Chisiza Jr. anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 n'cholinga choti wazisudzo adzidya za luso lake, ndipo mpaka pamene anamwalira mu 1999 gululi linkadzaza maholo m'mizinda ndi m'maboma ndi masewero olembedwa, ambiri a Chingerezi, okhudza ndale ndi chikhalidwe. Gertrude Kamkwatira anapitiriza ntchitoyo, kenaka n'kuyambitsa gulu lake la Wanna Do. Kwathu Drama Group inasankha Chichewa ndi nthabwala za moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, anaonetsa kuti anthu wamba amalipira pakhomo mosanyinyirika akamva chilankhulo chawo pansanja. Ambiri mwa azisudzo a mibadwo imeneyi anakulira m'mipikisano ya masewero ya m'sukulu za sekondale yokonzedwa ndi ATEM (bungwe la aphunzitsi a Chingerezi) ndi m'masewero a pa wailesi ya MBC monga Kapalepale.

Magulu amenewa amabweretsa sewero lotha kale, choncho sakulowa m'tanthauzo limene laperekedwa pa funso loyamba. Izi sizikuwachepetsa. Gulu la m'mudzi lili ndi zambiri zoti liphunzire kwa iwo pa kasungidwe ka nthawi, katulutsidwe ka mawu ndi kaseketsedwe, chifukwa sewero la uthenga wabwino koma lotopetsa limabalalitsa anthu lisanafike pa zokambirana.

Nanga mgwirizano ndi magulu a kunja kwa dziko umayenda bwanji?

Zitsanzo zilipo. Nanzikambe Arts, imene inayamba ku Blantyre mu 2003, inagwirizana kwa zaka zingapo ndi Theater Konstanz ya ku Germany kuyambira cha m'ma 2010, ndipo azisudzo a mbali zonse ziwiri ankapanga masewero limodzi n'kuwaonetsa kuno ndi ku Germany. Nanzikambe yagwiranso ntchito ndi Bilimankhwe Arts ya ku Britain, ndipo n'zosangalatsa kuti maina onse awiriwa ndi a kanyama kamodzi komwe kaja kosintha maonekedwe. Maulendo otere amatsegula maso, amapatsa azisudzo athu mpata wogwira ntchito ndi zipangizo zimene kuno n'zosowa, ndipo alendowo amaphunzira kuchita sewero pamaso pa anthu amene amayankha mokweza m'malo mokhala duu mumdima.

Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona. Koma pali mafunso ofunika kuwayankha ulendo usanayambe, makamaka polemba. Ndani akusankha nkhani? Ndani akutsogolera, ndipo kodi wotsogolera wa kuno ali ndi mawu ofanana ndi mnzake wakunja, kapena wangokhala womasulira ndi wosaka malo ogona? Malipiro a anthu ochita ntchito yofanana akusiyana motani? Nyimbo yotengedwa kwa amayi a m'mudzi ikakaimbidwa ku London kapena kujambulidwa pa kanema, eni ake atchulidwa ndipo alandirapo kanthu? Bungwe la COSOMA lingathandize pa nkhani ya umwini wa ntchito za luso. Palinso vuto la ziphaso: wazisudzo wa ku Ulaya amalowa m'Malawi mosavuta, pamene mnzake wa kuno amayenera kusonyeza mapepala a kubanki ndi umboni woti adzabwerera, ndipo akakanizidwa, sewero limene anthu analikonzekera miyezi limapita lopanda mwini mbali. Mgwirizano woona umayika nthawi ndi ndalama za zimenezi m'dongosolo kuyambira pachiyambi, monga mmene boma la malipenga loitana limakonzeratu ufa ndi pogona pa alendo ake.

Ndani amalipira, ndipo kodi ochita sewero a m'mudzi ayenera kulandira ndalama?

Popeza pabwalo palibe cholowera, ndalama za galimoto, mafuta ndi chakudya zimachokera kawirikawiri ku mabungwe ndi ku nthambi za boma, ndipo mabungwe monga Story Workshop, Theatre for a Change ndi ArtGlo agwira ntchito yaikulu pa nkhani za Edzi, nkhanza za m'banja ndi maphunziro. Vuto limabwera pamene wopereka ndalama wabweretsanso mutu, uthenga ndi mathero. Zikatero gulu limasanduka chinkuzamawu, ndipo anthu amazindikira msanga. Ana amayamba kunena mawu a sewero ochita ake asanawanene, chifukwa aona kale masewero asanu ofanana: bambo woledzera, mayi wolira, mlangizi wanzeru wofika pomaliza.

Ochita sewero ayenera kulandira kanthu, chifukwa tsiku limene athera pabwalo ndi tsiku limene sanapite kumunda kapena kuganyu. Chimene chimapha magulu ndi kuzolowera kuti popanda alawansi palibe sewero. Ndinaonapo gulu la achinyamata limene linkakumana lokha Lamlungu lililonse kwa zaka, likuseketsa ndi kuphunzitsa mudzi wawo popanda wowalipira. Bungwe lina litabwera linawapatsa malaya olembedwa ndi ndalama za tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ntchito ya bungwelo itatha, achinyamatawo sanakumanenso, ndipo ena anadana chifukwa cha mmene ndalama zinkagawidwira. Gulu lanzeru limagwirizana poyera kagawidwe ka ndalama zisanafike, limasungako zina m'thumba la onse, ndipo limapitiriza kuchita masewero ena a nkhani zimene lasankha lokha.

Tikufunika chilolezo cha yani, ndipo nyengo yabwino yoyendera ndi iti?

Yambani ndi nyakwawa, gulupu ndi mfumu yaikulu ya dera, ndipo dziwitsani ofesi ya bwanamkubwa wa boma limenelo komanso apolisi ngati mukuyembekezera khamu. Pasukulu, mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu ndiwo eni bwalo. Magulu olipiritsa pakhomo afunse ku Censorship Board za ziphaso zofunika.

Nyengo yabwino ndi ya pambuyo pa kukolola, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene misewu yauma ndipo anthu ali ndi mpata. M'dzinja anthu ali kumunda, ndipo m'miyezi ya njala si bwino kuwonjezera pakamwa m'makomo mwa eni. Funsani za masiku a msika, za Lachisanu m'madera a Asilamu, za Loweruka kumene kuli a Sabata, ndi za nthawi ya zinamwali. Maliro akagwa m'mudzi, sewero limaimikidwa popanda kukambirana, ndipo alendo amapita kukakhala nawo pasiwa.

Kodi zisudzo zimenezi zimasinthadi kanthu alendo akachoka?

Sewero silikumba chitsime, silibweretsa mankhwala kuchipatala, ndipo silibweza ndalama zimene msungichuma anadya. Chimene limachita ndi kutulutsa poyera nkhani imene aliyense ankaidziwa koma palibe ankainena, ndi kupatsa anthu mpata woyesera kuinena pamalo pamene sangadzudzulidwe, popeza akulankhula kwa munthu wa m'sewero. Ku Liwonde ntchito inayenda chifukwa kumbuyo kwa sewero kunali a zaumoyo okhala komweko amene ankatsatira zimene anthu agwirizana. Pamene palibe wotsatira, anthu amaseka, amakambirana mpaka dzuwa kulowa, amalonjeza zambiri, ndipo patapita mwezi zinthu zimakhala mmene zinalili, kupatula kuti amene analankhula molimba mtima uja tsopano akuyang'anidwa ndi diso loipa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mayi amene anadzuka kuloza malume amatsala m'mudzi momwemo.

N'chifukwa chake zokambirana zisathe popanda kutchula amene achite chinthu, tsiku lake ndi amene akaonetsetse kuti chachitika, ndipo zimenezi zinenedwe mfumu ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi zili pomwepo. Alendo asiye gulu la eni mudzi limene lachita nawo ntchito yonse kuyambira pa kumvetsera mpaka pa kutsogolera zokambirana, monga tafotokozera pa funso la kapangidwe ka sewero, kuti lidzathe kupanga lina popanda iwo. Pokonza ndalama za ulendo, aikemo za ulendo wachiwiri wobwerera kumudzi womwewo patapita milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Pa ulendo umenewo safunika kunyamula ng'oma kapena zovala za sewero. Amapita kumjigo m'mawa kukaona ngati ukutulutsa madzi, amakacheza kwa mayi uja kuti amve mmene anthu akukhalira naye, ndipo masana amakhala pansi pamodzi ndi ena onse kuonerera sewero limene gulu la m'mudzimo lakonza.